Nyama tikudya, chifundo tinataya

Tafika poti munthu akalowa m'butchala funso lake limakhala limodzi: kilo ndi zingati? Akaima pamsika wa nkhuku amangoigwira miyendo, kuiyesa kulemera m'dzanja, n'kuyamba kunenerera. Palibenso wofunsa kuti chiwetocho chinakulira kuti, chinkagona potani, chinamwa madzi liti komaliza, nanga chinafa imfa yotani. Nkhuku ndi mazira tikudya pafupipafupi kuposa mmene ankadyera makolo athu, mkaka wa m'mapaketi wafika mpaka m'tuntemba ta m'midzi, koma mitima yathu yauma gwa. Chiweto chasanduka katundu basi, ululu wake suwerengedwanso. Ndikudandaula, abale anga, chifukwa nkhanza zimenezi sizichitikira kumdima. Zimachitika masana dzuwa likuswa mtengo, m'mphepete mwa msewu umene tonse timayendamo, ndipo amene amazilipirira ndi ife ogula.

Boma la Chongwe ndi malo oyenera kuonerapo zimenezi. Tauni yake ili makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, pa Great East Road, m'dziko la Asoli. Pa kalembera wa 2022 bomali linapezeka ndi anthu oposa 300,000, ndipo mzinda wa Lusaka ukulowerera tsiku ndi tsiku. Kumene kunali tchire lodyetserako ziweto, lero kuli mipanda ya mabuloko ya ku Silverest ndi ku Meanwood. Mzinda ukamakula, njala yake imakulanso, ndipo Chongwe ndiye amaudyetsa: tomato, mazira, nkhuku, mkaka, mbuzi, ndi makala ophikira zonsezo. Ndiponso pano ndi pakhomo pamene ziweto zochokera ku Rufunsa, Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata zimalowera popita kumsika wa Chibolya ku Lusaka. Wofuna kudziwa mmene mtundu wathu ukuchitira ndi zolengedwa zosalankhula, aime pamsewu umenewu mwezi wa Okutobala.

Adzaona kanta ikubwera itasenza mbuzi mosanjikiza, zina pansi, zina pamwamba pa matabwa. Za pansi zanyowa ndi mikodzo ndi ndowe za zinzake. Iliyonse yamangidwa miyendo inayi pamodzi ndi mphira wodula ku chubu cha tayala, ndipo pofika kuno mphirawo walowa m'khungu, miyendo yatupa. Ina khosi lapindikira pansi pa nthiti za inzake, lilime lili panja, maso ali tong'o. Kulira inasiyira ku mlatho wa Luangwa. Pamwamba pa zonsezo pakhala anyamata awiri, mapazi aponda pamsana pa tonde, akuseka zawo pa foni. Galimoto ikaima, dalaivala ndi eni katundu amatsika kukagula madzi ozizira, mbuzi n'kutsala padzuwa. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo m'chigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40 nyengo imeneyi. Nkhumba ndiye zimazunzika koposa, pakuti thupi la nkhumba silitha kudziziziritsa ndi thukuta. Imene yafera m'njira kawirikawiri sitayidwa. Wogula amapezeka madzulo omwewo.

Pambuyo pa kanta pakubwera njinga. Nkhuku zamangidwa m'mitolo, zalendewera ku handulo mitu ili pansi, milomo yasamula pafupi ndi masipoko. Thupi la nkhuku lilibe chotchinga pakati pa chifuwa ndi mimba, choncho ikazondoka matumbo amapanikiza mapapo, kupuma kumavuta. Chitete choluka ndi nsungwi, chimene nkhuku inkayendamo ili chikhalire, tinachitaya poona kuti chimalowa zochepa. Tisaloze chala wa njinga yekha. Bwana wovala tayi amagula nkhuku yomweyo, n'kuiponya m'buti ya galimoto, n'kutseka, kenaka ulendo wa kubanki, kumsonkhano, kukacheza kwa mnzake. Madzulo akatsegula buti n'kupeza nkhuku ili lobodo, amadandaula ndalama yake.

Sizinali chonchi. M'midzi yathu chiweto chinali cha pakhomo, chodziwika. Mlendo akafika, nkhuku inkagwidwa n'kumuonetsa ili yamoyo, iye n'kuthokoza, kenaka inkaphedwa mwachangu kuseri kwa nyumba. Mbuzi sinkaphedwa chisawawa. Inkafera maliro, ukwati, chinamwali kapena mlandu, ndipo onse odya ankadziwa kuti ndi mwana wa mkota uti. Mnyamata wobwera kubusa mbuzi zili ndi njala ankakalipiridwa asanalandire nsima. Amene anali ndi ng'ombe ankaziitana ndi mayina, nazo zinkatembenuka. Sindikunena kuti kale kunalibe nkhanza. Ng'ombe za pa ngolo zinkakwapulidwa, makosi ankanyuka ndi goli, agalu ankagendedwa. Koma munthu wozunza chiweto ankadziwika m'mudzi, anthu ankamunong'ona kuti ngwoipa mtima, ndipo iye mwini ankachita manyazi. Chimene chatha lero ndi manyaziwo. Wodya ali ku Lusaka, chiweto chikukulira ku Kanakantapa m'boma la Chongwe, pakati pawo pali anthu asanu ofuna phindu, ndipo aliyense amati si mlandu wake.

Taonani ulimi wa mabroila. Sindiunyoza ayi. Amayi ambiri amasiye aphunzitsa ana ndi nkhuku zoyerazi, ndipo mabanja amene kale ankalawa nkhuku pa Khrisimasi pokha lero amaidya mwezi uliwonse. Koma tidziwe chimene tikuweta. Broila ndi nkhuku imene akatswiri anaisankha mibadwomibadwo kuti izikula msanga. Pa masabata asanu ndi limodzi imafika makilogalamu awiri, pamene nkhuku ya m'mudzi imafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ifike podyeka. Thupi la broila limakula kupitirira mphamvu ya miyendo ndi mtima wake. N'chifukwa chake imafuna malo okwanira, utuchi wouma, mphepo yodutsa ndi maola a mdima kuti ipume. Nanga tikuona chiyani kuseri kwa nyumba zathu? Chipinda choyenera nkhuku zana chadzaza mazana atatu. Utuchi sunasinthidwe chiyambire, fungo lake limatulutsa misozi munthu akangosuzumira. Babu imayaka usiku wonse kuti nkhuku zisaleke kudya. Zina miyendo yakana, zikukwawa ndi chifuwa kufuna madzi, zinzake zikuziponda. Amayi, mukadzagula broila muitembenuze phazi. Mukaona zilonda zakuda kuphazi ndi pa bondo, dziwani kuti nkhukuyo inakula ikupsa ndi zitosi zake zomwe.

Khola lauve limabala matenda, ndipo m'malo mokonza khola, tapeza njira yachidule. Ufa wachikasu wa m'kapaketi, oxytetracycline ndi anzake, umathiridwa m'madzi akumwa kuyambira tsiku limene anapiye afika mpaka m'mawa wa tsiku logulitsa. Pa paketi palembedwa masiku oyenera kudikira chiweto chisanaphedwe, kuti mankhwala athe m'thupi. Ndani amawerenga? Oda ikabwera, nkhuku imapita. Mankhwala amenewa ndi maantibayotiki, monganso amene madokotala amapatsa ana athu akadwala chibayo, ndipo tizilombo tikawazolowera m'khola, timafika kuchipatala titakhwima kale. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa padziko lonse chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo dera limene linakhudzidwa koposa ndi Africa ya kum'mwera kwa Sahara. Mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pofuna kukulitsa ziweto mu 2006. Zambia nayo ili ndi ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2027. Koma ndondomeko ili m'maofesi, kapaketi kali m'manja mwa mnyamata waganyu amene sanauzidwepo kanthu.

Za nkhuku za mazira nazo ndi zomvetsa chisoni. Makeji a waya akugulitsidwa ngati chizindikiro cha ulimi wamakono, ndipo anthu akujambulitsa nawo n'kuika pa Facebook. M'keji yotere thadzi limakhala pa malo osakwana pepala limodzi la A4, osatambasula phiko, osapalasa, osasamba fumbi, chaka chonse ndi kupitirira. Ku Ulaya makejiwa anawakana kale. Mu 1964 mayi wina wa ku Britain, Ruth Harrison, analemba buku lotchedwa Animal Machines loulula zimene zinkachitika m'makola a kwawo. Boma la Britain linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Roger Brambell, imene inapereka lipoti lake mu 1965, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera mfundo zisanu zimene lero dziko lonse limazivomereza: chiweto chisakhale ndi njala kapena ludzu, chisagone malo osautsa, chisasiyidwe ndi ululu kapena matenda, chisakhale mwamantha, ndipo chithe kuchita zimene chinalengedwera kuchita. Mu 2012 European Union inaletsa makeji opanikizawa. Ife amene agogo athu ankadziwa mfundo zisanuzi popanda komiti, ndife amene tikuthamangira kutola zimene eni ake anataya.

Pa mkaka, Chongwe ali ndi mbiri yoti n'kunyadira. Ku Palabana kuli sukulu yakale yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo alimi ang'onoang'ono a kumeneko ali ndi malo osonkhanitsira mkaka. M'mawa uliwonse zigubu zimafika pa njinga, mkaka n'kuyezedwa: kachipangizo koyandama kamaulula ngati wathiridwa madzi, ndipo ukasakanizidwa ndi sipiriti n'kuundana, ndiye kuti wayamba kusasa kapena wachokera ku bere lodwala. Zimenezo ndi zabwino. Koma si mkaka wonse umadutsa pa muyezo, ndipo wokanidwa suthiridwa pansi. Umatsanulidwa m'mabotolo apulasitiki, n'kukagulitsidwa khomo ndi khomo m'makomboni. Mayi amaugula pofuna kuti mwana wake anenepe.

Tibwerere kukhola kumene mkakawo unachokera. Ng'ombe ya mtundu wa Friesian kapena Jersey imafuna madzi oposa malita 60 patsiku nyengo yotentha, mthunzi, udzu wokwanira ndi pogona pouma. Imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, ndipo iyenera kupumitsidwa kukamidwa miyezi iwiri isanabereke. Thole limabadwa lopanda chitetezo m'thupi. Moyo wake uli mu mkaka woyamba wachikasu uja, umene liyenera kuyamwa m'maola oyambirira. Mlimi wadyera zonsezi amazidziwa, koma amakama mpaka tsiku lobereka, amamana thole kuti chigubu chidzaze, ndipo thole likakhala lamphongo amangolisiya liume ndi njala poti silidzatulutsa mkaka. Ng'ombe yaima m'matope ofika m'maondo, chingwe chachifupi m'khosi, nkhupakupa zadzaza m'makutu, dibi inaiwalika. Ikaponya mwendo chifukwa bere likuwawa, imalandira chibonga pamsana. Chodabwitsa n'chakuti ng'ombe yamantha imaumira mkaka, thupi lake silimasula. Womenyayo akudzimana yekha. Bere likatupa, amabaya jakisoni m'mawa, madzulo mkaka wa timibulu ndi mankhwala omwe uli m'chigubu. Ng'ombe ikapoloza, saitana wa vetenale, chonsecho kupoloza ndi chizindikiro chimodzi cha brucellosis, matenda amene amalowa mwa munthu kudzera mu mkaka wosawiritsa n'kumamutentha thupi miyezi, iye n'kumangomwa mankhwala a malungo.

Malipiro a zonsezi tinawalawa kale. Mu 2023 matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe n'kufalikira. Bungwe la World Health Organization linalengeza kuti pofika pa 20 Novembala chaka chimenecho anthu 684 ankaganiziridwa kuti adwala, anayi anali atamwalira, ndipo matendawa anali atafika m'zigawo zisanu ndi zinayi mwa zigawo khumi za Zambia. Anthrax imagwira munthu amene wasenda, wanyamula kapena kudya nyama ya chiweto chofa chokha. Katemera wake wa ziweto alipo kuyambira kalekale. Koma mwini ng'ombe amene anaumira ndalama ya katemera ndi yemweyo amene, ng'ombe ikafa, amaumiranso nyama yake, n'kuiduladula usiku kuti ikagulitsidwe motchipa. Ogula nafe tikaona mtengo wagwa pakati sitifunsa chifukwa, timathamangira kukatenga mbale yaikulu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ngakhale munthu amene mtima wake umangowerenga makwacha ayenera kumva izi. Chiweto chikakhala chotopa, chanjala ndi chamantha kwa maola ambiri, chimatha shuga amene thupi linasunga m'minofu. Shuga ameneyo ndi amene, chiweto chikaphedwa, amasanduka asidi wothandiza nyama kukoma ndi kusungika. Akasowa, nyama ya ng'ombe kapena mbuzi imada, imauma pamwamba, ndipo imaola msanga. Nkhumba imene yathamangitsidwa ndi kumenyedwa isanaphedwe imatulutsa nyama yotumbuluka, yochucha madzi, imene imafota m'poto. Paliponse pamene panatera chibonga pamakhala magazi oundana, ndipo wa butchala woona mtima amadula n'kutaya. Michopo imene timatafuna mpaka nsagwada kuwawa kumabala, n'kumanena kuti mbuzi inali yokalamba, nthawi zambiri imakhala mbuzi imene inazunzika pa ulendo. Nkhanza zimalowa m'nyama, ife n'kuzimeza.

Kodi malamulo kulibe? Alipo. Zambia ili ndi lamulo loletsa kuzunza nyama, Prevention of Cruelty to Animals Act, Chapter 245, limene linakhazikitsidwa nthawi ya atsamunda, ndipo limaletsa kumenya chiweto mwankhanza, kuchisenzetsa katundu wopitirira mphamvu zake, ndi kuchinyamula m'njira yochipweteka popanda chifukwa. Pali Animal Health Act ya 2010, imene imafuna chilolezo cha vetenale ziweto zisanasamutsidwe. Pali malamulo a zaumoyo amene amafuna kuti nyama yogulitsa iyezedwe n'kudindidwa chidindo. Koma chilolezo chimawerenga mitu ya mbuzi, sichifunsa ngati zamwa madzi. Ndi liti pamene munamva kuti wina waimbidwa mlandu chifukwa chosanjikiza mbuzi? Lamulo limene anthu ake salimva mumtima limangogona m'buku. Bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limayesetsa mbali yake, koma anthu ambiri amaliona ngati la agalu ndi amphaka a azungu, osadziwa kuti mbuzi ya pa kanta nayo ili ndi mitsempha yomvera ululu.

Chaka ndi chaka, mvula ikayandikira, Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi. Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, imene yakhala pampando kuyambira 1971, imapempha mvula m'malo mwa anthu ake, n'kulima ndi kudzala mbewu zoyamba. Mu 2024 tinaona tanthauzo la kumanidwa madzi. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera m'minda. Mitsinje inaphwa, msipu unatha, gaga anakwera mtengo, anthu anagulitsa ziweto zoonda pa mtengo wolira. Tinafuula kumwamba kupempha chifundo. Nanga ife amene tikudziwa kuwawa kwa ludzu, tingaimike bwanji mbuzi padzuwa tsiku lathunthu popanda ngakhale beseni limodzi la madzi? Tikupempha kwa Mlengi chimene ife tikukana kupereka kwa zolengedwa zimene anaika m'manja mwathu. Ndipo tikupitiriza kugwetsa mitengo ya makala ndi kuduladula madambo kukhala mapuloti, zimene mfumu yomweyo yakhala ikudzudzula kwa zaka zambiri, osaganiza kuti ng'ombe ya mawa idzadya kuti.

Ndikudziwa chimene ena anene. Adzati izi ndi nkhani za anthu okhuta. Ife tikusowa ndalama ya unga, inu mukulirira nkhuku? Adzati nkhuku ya m'mudzi ndi yodula kwambiri poyerekeza ndi broila, wosauka angasankhe bwanji? Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo mayi wa ana asanu amene wagula mapazi ndi mitu ya nkhuku kuti ndiwo ikhale ndi fungo la nyama sindingamuweruze. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Kumasula miyendo ya mbuzi kumadya ndalama zingati? Kuimika galimoto pamthunzi? Kunola mpeni kuti chiweto chife kamodzi? Kuzimitsa babu maola angapo usiku, kumene kumapulumutsanso mayunitsi a magetsi? Nkhanza zambiri zimene tikuona sizibadwa mu umphawi; zimabadwa mu dyera ndi ulesi. Komanso amene amadya nyama yambiri si osauka. Ndi ife a malipiro a pamwezi, a mafiriji odzaza, a maphwando a Loweruka lililonse, amene timanenerera mlimi mpaka atatsala wopanda phindu, kenaka n'kumadabwa kuti wapanikiza nkhuku m'khola. Wogula amene amafuna zotchipa zokha ndi amene amalamula nkhanza, ngakhale chibonga sanachigwire. Ndi bwino kudya nyama kamodzi pa sabata yochokera ku chiweto chosamalidwa, masiku enawo nyemba, nsawawa, kapenta ndi chibwabwa, kusiyana n'kudya tsiku ndi tsiku nyama ya chiweto chimene chinafa chisanaphedwe.

Chimene chimandiopsa koposa ndi ana. Mwana amene wakula akuona atate ake akuthyola mchira wa ng'ombe kuti idzuke, akuona nkhumba ikukokedwa khutu pa phula anthu akuseka, amaphunzira phunziro limodzi: chopanda mphamvu ndi chosatha kudandaula, chita nacho chimene ufuna. Phunzirolo silithera kukhola. Limalowa m'nyumba, limafika pa mkazi wake, pa mwana wamasiye, pa wantchito wa pakhomo, pa agogo amene ayamba kuiwala. Timadabwa ndi nkhanza za m'mabanja zimene zadzaza m'nyuzipepala, ngati zinagwa kumwamba. Chifundo sichigawika, munthu sangachithire pansi pa msika n'kudzachipeza chodzaza pofika kunyumba. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu 1991, ndipo m'buku la Miyambo, mutu 12, chilungamo cha munthu chimayezedwa ndi mmene amasamalira chiweto chake. Koma ndi Sabata lingati pamene vesi limeneli limamveka pa guwa? Nkhuku za chopereka cha masika zimagona kuseri kwa tchalitchi zomangidwa miyendo, padzuwa, mpaka mapemphero a maola anayi atatha.

Njira ina ilipo, ndipo ili mu Chongwe momwemu. Ku Kasisi, kumene ansembe a Chijezuwiti anakhazikitsa Kasisi Agricultural Training Centre mu 1974, akhala akuphunzitsa ulimi wosadalira mankhwala kuyambira cha m'ma 1990. Kumeneko mlimi amaphunzira kuti ng'ombe, munda ndi mtengo zimadyetsana: ng'ombe yokhuta imapereka manyowa, manyowa amadzutsa nthaka, nthaka imabweza chakudya cha munthu ndi cha ng'ombe yomwe. M'midzi ya ku Chalimbana, Kanakantapa ndi Palabana muli alimi amene nkhuku zawo zimapalasa pabwalo, zimalandira katemera wa chitopa pa nthawi yake, mbuzi zimagona m'khola la m'mwamba louma, thole limayamwa make asanakamidwe. Anthu amenewa akugonja pa msika chifukwa ife ogula sitiwasiyanitsa ndi anzawo adyera. Timawapatsa mtengo umodzi, kapena kuwadutsa kumene poti wina watsitsa makwacha asanu.

Choncho ndiyambe ndi inu ogula, pakuti mphamvu ili m'chikwama chanu. Funsani kumene nyama yachokera, ndipo wogulitsa akakwiya ndi funsolo, pitani kwina. Yang'anani chidindo pa nyama ya m'butchala. Nyama yotchipa modabwitsa, yobwera usiku m'thumba, isiyeni. Nkhuku yolendewera mutu pansi, ya zilonda kuphazi, yosatha kuima, musaigule, ndipo muuzeni wogulitsayo chifukwa chake. Amene muli ndi galimoto, Chongwe si kutali. Pezani mlimi mmodzi, kaoneni khola lake ndi maso anu, mukakhutira muzigula kwa iye ndipo mumulipire mtengo woyenera thukuta lake. Funsani wa mabroila tsiku limene anasiya kuthira mankhwala. Mkaka wa m'botolo la pamsewu uwiritseni nthawi zonse, ndipo ngati mwini wake safuna kuti muone ng'ombe yake, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Inu alimi, chepetsani nkhuku m'khola, muona kuti zofa zichepa. Inu a malonda a mbuzi ndi nkhumba, yendani usiku kapena m'mamawa, ikani denga ndi zigawo pa galimoto, mwetsani ziweto musananyamuke ndi pofika. Inu a khonsolo ndi a vetenale, pa chotchinga cha pamsewu musamangowerenga mitu, kwerani muone mmene zamangidwira. Inu mafumu ndi nduna, sungani madambo ndi njira za kumadzi, ndipo wozunza chiweto aitanidwe pabwalo monga mmene amaitanidwira wakuba. Inu abusa ndi aphunzitsi, nenani za nkhaniyi, ana amve kuti chifundo chimayambira pa mwanapiye.

Palibe amene akukuletsani kudya nyama. Chiweto tinapatsidwa kuti chitidyetse, koma ngongole yake ndi madzi, mthunzi, malo ogona ndi imfa yachangu. Mtundu umene ukukana kubweza ngongole yaing'ono chotere usadabwe matenda akamachokera m'mbale, mankhwala akamakana kuchiza, ana akamakula ouma mtima. Wakutsina khutu ndi mnansi. Loweruka likudzali, musanafunse mtengo wa kilo, yambani mwafunsa mmene chiwetocho chinakhalira.